Msomali Wotsala ndi Bokosi la Binwelo

Amene mukuti Alufeyo ndi wabodza, bwerani mudzandiuzire pamaso, osati kumanong'onezana kuseri kwa tchalitchi mabisiketi ali kukamwa. Zonse ndamva. Ndamva amene akuti tsiku la maliro lija ndinali nditalawa, ndamvanso mayi uja amene akuti pali vidiyo yoonetsa bokosi likulowa m'galimoto bwinobwino, ngati kuti sitikudziwa kuti wojambulayo ndi mlamu wawo wa a Tcheya. Ndalemba pano pa gulu lathu la pafoni kuti aliyense awerenge asanakavote Loweruka, ndipo ana athu otiyankha m'Chingerezi aja wina awamasulire. Ndikulumbira, pali mayi anga kumanda, ngati muli bodza m'menemu mphenzi inditsatire mpaka m'sitima ya pansi pa nthaka.

Inu obwera kumene, ana a ku yunivesite, nkhani ndi iyi. Ife tili ndi timu ya besibo, mpira womenya ndi chibonga uja, dzina lake Mphenzi za Govanhill, dera lathu lino la mumzinda wa Glasgow. Musaseke, tinaiyamba inu mukudya phala ku pulayimale. M'holo ya tchalitchi imene eni dziko amatibwereka muli khoma limene timapachikapo zithunzi za akatswiri athu. Tsono eni holo anati khomalo ndi lakale, pulasitala ikuyoyoka, tisakhomenso kanthu. Msomali wopanda chithunzi watsala umodzi basi, ndipo mayina ndi awiri: a Kamwendo, Tcheya wathu, ndi malemu Binwelo Chapola, amene tinkamutcha Legeni, kutanthauza katswiri wosaiwalika.

Ofuna a Kamwendo akuti timu si osewera okha. Akuti ndiwo anatipezera mayunifolomu, ndiwo anakalankhula kukhonsolo kuti atipatse bwalo, ndiwo ankabwereka minibasi. Ine sindikana. Koma chibonga anachigwirapo kamodzi kokha, pojambulitsa, ndipo anachigwira mozondotsa, maso ali pa mkazi wa msungichuma. Komanso tayang'anani amene ali kale pakhomapo. Mlembi uja amene anathawira ku Leeds ndi mtsikana wa kwaya alipo, akumwetulira mano onse pamtunda. Palibe anafunsa za khalidwe lake. Koma likangotchulidwa dzina la Binwelo, aliyense amasanduka mngelo: ayi, ameneyo ankagwiritsa ntchito mankhwala, khoma la m'nyumba ya Mulungu silingalandire munthu wa zitsamba.

Chabwino. Tiyeni tikambe za mankhwalawo.

Binwelo anali woponya, ine ndinali wowakha, amene amanjuta kumbuyo kwa womenya n'kumalandira mpira. Wina aliyense amene anayesa ntchito imeneyo anakathera kuchipatala. Mkono umenewo unakulira ku Neno, kugenda anyani m'munda wa chimanga, ndipo anyani a kumeneko mpaka lero akamva dzina lake amagwira kumutu. Mpira wa Binwelo unkadutsa m'mvula ya Glasgow, mvula n'kupatuka uku ndi uku ngati udzu wodutsamo njoka, mpira n'kundifika uli wouma, wotentha ngati mbatata yootcha, moti ndikavula gulovu ndinkaviika dzanja m'chidebe cha madzi, madzi n'kuwira, amayi n'kuponyamo masamba, timu yonse n'kumwa tiyi. Mukumva? Mzungu wina wamtali wa ku America, amene ankasewerera timu ya tsidya la mtsinje, anamenya mphepo mwamphamvu mpaka anazungulira ngati nguli n'kuboola pansi kufika m'chiuno, tinachita kumuzula ngati chinangwa. Tsiku lina mpira unachoka m'dzanja la Binwelo, unakhota, unatuluka m'bwalo, unazungulira mtengo, unavula chipewa cha gogo wina woyendetsa galu, n'kubwerera kudzera m'khwapa mwa womenya uja iye akuufunafuna kutsogolo. Woyimbira anavula magalasi, anawapukuta, ndipo kuyambira tsiku limenelo anayamba kupemphera.

Inde, anali ndi kabotolo ka mafuta a nsatsi kamene mayi ake ankamutumizira, ndipo masewera asanayambe ankadonthezera pampira. Inde, sankalowera pageti, ankalumpha mpanda. Tonse tinkadziwa. Pamene tinkapambana, ndani anadandaula? Kabotoloko kankasungidwa m'thumba la jekete ya ndani? La a Kamwendo! Ndinkawaona ndi maso angawa akukasisita pobwera m'minibasi, kwinaku akutsogolera korasi.

Zinasintha chaka chimene a Kamwendo anafuna ukulu wa mpingo. Chaka chomwecho Binwelo, popita kuntchito yake yotsuka magalimoto, anakumana nawo m'mamawa akutuluka pakhomo lina ku Shawlands, pamene tonse tikudziwa kuti kwawo ndi ku Partick. Binwelo sanauze munthu. Anangowapatsa moni, "Mwadzuka bwanji a Tcheya," ndipo moni umenewo ndi umene unamupha. Sabata yomweyo kunaitanidwa msonkhano, a Kamwendo anatulutsa kabotolo kaja n'kukaika patebulo ngati akutola kumene, nati timu ya Akhristu singasunge mfiti. Anamulanda jezi pamaso pa anthu. Anati asadzapondenso m'holo, asadzapondenso m'bwalo, mpaka imfa.

Kwathu munthu akamutchula mfiti amakhalabe ndi mlongo wake, amakhalabe ndi bawo pansi pa mtengo. Kuno akakutchula choncho watha. Amayi anasiya kumuitana kumaphwando. Ana anauzidwa kuti asamupatse dzanja. Loweruka lililonse tikamasewera ankaima kunja kwa mpanda, m'mvula, manja m'thumba, akuonerera mnyamata amene anamulowa m'malo akuponya mipira yoti ngakhale nkhuku ikanaimenya. Kenako anasiya kubwera. Inali nyengo ija imene dzuwa limalowa anthu asanagaye chakudya chamasana. Ine ndinali ndili ku Aberdeen paganyu ya nsomba. Nditabwera, mwini shopu ya pansi pa fulati yake, mkulu wa ku Pakistan uja, anandikodola n'kundiuza kuti pamasitepe pakumveka fungo.

Chitseko ndinathyola ndi phewa. Ndinamupeza atakhala pampando, atavala jasi ndi chipewa, hita yotenthetsera nyumba ili yozimitsa, m'nyumba mozizira ngati mufiriji, kapu ya tiyi itamera nkhungu. Zina zimene ndinaona sindilemba, ena mukuwerenga mukudya. Amalawi tadzaza mabasi a mzinda uno, timadziwa amene wagula sofa yatsopano ndi amene mkazi wake wasiya kuvala mphete, koma munthu anawolera pampando popanda wogogoda. M'dzanja lamanja anali atafumbata mpira. Azungu okonza maliro anayesa kutambasula zalazo, anayesa ndi madzi otentha, anayesa ndi pulayala, pulayala inapindika. Anamuika m'bokosi choncho, mpira uli m'manja, n'kuwotcherera malata m'kati monga amachitira ndi maliro okwera ndege.

Tsono mudziwe kuti kwathu achibale sagwira maliro, amagwira ndi adzukulu. Mdzukulu ndiye amanyamula, ndiye amakumba, ndipo ali ndi ufulu wolankhula ndi wakufayo mmene akufunira, ngakhale kumutukwana, popanda mlandu. Kuno ku Glasgow mdzukulu ndine. Aliyense amene anapita kwawo m'bokosi kuchokera mumzinda uno anadutsa paphewa langa.

Mwambo unachitikira m'tchalitchi. Amene anaimirira kulankhula m'malo mwa timu ndani? A Kamwendo. Anati tataya mzati. Anati dzanja ngati limeneli silidzabadwanso. Analira mpaka kampango kananyowa, ndipo ine ndili pafupi ndi bokosi ndinamva m'kati mukulira kuti gu, ngati munthu wamenya chigongono pathabwa. Ndinayang'ana anzanga onyamula nawo, onse anayang'ana pansi.

Tinanyamula anthu asanu ndi mmodzi, ine kumutu. Tinatuluka bwinobwino, amayi akuyimba, galimoto yakuda itatsegula kumbuyo kuti itipititse kubwalo la ndege. Titafika pakamwa pa galimotoyo bokosi linaima. Tinakankha, osasuntha. Linayamba kulemera, kulemera, mpaka nsapato zanga zinalowa m'phula, ndipo mapazi awiriwo alipo mpaka lero pakhomo la tchalitchi, mvula ikagwa nkhunda zimamwerapo. Mzungu wa maliro, wa chipewa chachitali uja, anati mwina chagwira chitsulo, n'kuwerama kusuzumira. Koma mayi wina wachikulire anadziwa msanga. Anasiya nyimbo pakati n'kukuwa, "Akukana! Maliro akukana!"

Ana obadwira kuno simudziwa. Munthu akafa ndi chidandaulo, bokosi lake limakana njira ya kumanda, limatenga onyamula n'kuwatsogolera kwa amene anamulakwira. Zikatero simuika pansi, simulimbana nalo. Mumangogwiritsa n'kutsatira. A Kamwendo amadziwa zimenezi, si mwana. Nkhope yawo inachita phulusa, nayamba kukuwa kuti, "Ikani pansi! Alufeyo, ndati ikani pansi!" Ndinawayankha kuti, "A Tcheya, pamaliro tcheya ndine."

Bokosi linatembenuka lokha n'kuliyatsa liwiro. Abale anga, tinatsika msewu wa Victoria miyendo isakugunda pansi, mataye akuuluka kumbuyo, tinapitirira basi ya nyumba ziwiri anthu a m'mwamba akutiyang'ana m'maso, tinapitirira njinga yamoto ya wapolisi iye n'kuyang'ana mita yake n'kutsika kuyamba kuikankha, ndipo titafika pamaloboti ofiira bokosi linaima njii mpaka atayaka obiriwira, chifukwa Binwelo, kaya munkamunena zotani, sanali munthu wophwanya malamulo. Mukumva? Kumbuyo kwathu mpingo wonse ukuthamanga, abusa atakwinya mkanjo, amayi a mpingo atadzazana m'matakisi, Mayi Kamwendo ali kutsogolo.

Aliyense ankayesa tilowera ku Partick, kunyumba kwa a Tcheya. Bokosi linakhotera ku Shawlands. Linalowa pakhomo lina, linakwera masitepe opapatiza aja mpaka pamwamba penipeni, m'makona likudzipinda ngati mphasa, ndipo litafika pachitseko chobiriwira linagogoda ndi kumutu, mwaulemu ndithu. Anatsegula mtsikana, mwana ali m'manja. Mwanayo makutu ake, sindinena zambiri, pitani mukaone makutu a a Tcheya. Ndipo mtsikanayo anali atavala chiyani? Jezi ya Binwelo, imene anamulanda pamsonkhano ija, ndiyo anaisandutsa chogonera. Mayi Kamwendo anafika pamasitepe nthawi yomweyo, wefuwefu, anayang'ana mwana, anayang'ana jezi, anavula nsapato imodzi. Zimene zinachitika pamenepo ndidzakuuzani pamaso, pano pali ana. Ine monga mdzukulu ndinangoti, "Chemwali, mwini malayawo wabwera." Anakavulira kuseri kwa chitseko n'kundiponyera, ndinayala pabokosi.

Ndinayesa zatha. Ayi ndithu. Linatsika masitepe chamutu, awiri mwa anzanga anatsala pomwepo atagwira misana, linaloza kumpoto, wina anakoledwa pa chikwangwani cha basi, wina anataya nsapato n'kubwerera kukatola, womaliza anandiyang'ana misozi ili m'maso n'kunena kuti, "Achimwene, ine ndili ndi ana," n'kusiya. Ndinatsala ndekha, bokosi lonse ndi malata ake paphewa limodzi. Tinafika pamtsinje wa Clyde, mlatho uli apo poonekera, koma Binwelo anaukana, anadumphira m'madzi, ine n'kukwera pamwamba ngati pabwato, madzi oundana akusweka kutsogolo kwathu ngati mabotolo, ine ndikupalasa ndi nsapato, ndevu zanga zitauma gwa moti imodzi inathyoka n'kugwera m'madzi kuti tcho, ndipo tinatulukira tsidya linalo thalauza langa litaima lokha ngati mapaipi. Amene mukuti ndinali nditamwa, munthu womwa angawoloke Clyde pabokosi osagwa?

Tinafika pabwalo lathu, lomwe anamuletsa kupondapo mpaka imfa. Imfayo inali itakwana. Geti linali lotsegula, koma inu mukumudziwa Binwelo. Tinalumpha mpanda, ine ndi bokosi, n'kutera m'matope. Linazungulira mabesi onse, malo anayi aja amene womenya amathamangira, likulima mzere m'matope wakuya ngati ngalande, kenako linandigwetsa, linapita lokha pakachulu ka pakati pamene woponya amaima, n'kuimirira chilili, kumutu m'mwamba.

Anthu anali atafika tsopano, atazungulira mpanda. Matalala anayamba kugwa. Ine ndinadziwa chimene akufuna, tinasewera limodzi zaka zambiri. Ndinapita pamalo panga, ndinanjuta, wopanda gulovu, wopanda chotchinga kumaso, n'kutambasula dzanja. Ndinati, "Bweretsa, Legeni."

Kunamveka kuphulika ngati thiransifoma. Mpira unaboola malata, unaboola thabwa, unaboola jezi, matalala anasungunuka m'njira yake n'kusanduka nthunzi, unandimenya m'dzanja n'kundikoka chonjuta choncho mpaka kumpanda, zidendene zikutulutsa utsi, mawindo a mafulati oyandikana n'kunjenjemera, ma alamu a magalimoto n'kulira mpaka ku Govan. Chala changa chapakati chinapindika ndipo sichinawongokenso, ndicho chifukwa ndimalemba pang'onopang'ono. Koma sindinautaye. Ndinaimirira n'kuuonetsa kwa anthu onse, ndipo apa ndi pamene ndikufuna a komiti mutchere khutu. Mpirawo unali wouma. Ndinaununkhiza, abusa anaununkhiza, panalibe ngakhale dontho la nsatsi. Mafuta akanawatenga kuti, kabotolo kali kwa a Kamwendo? Munthu wakufa, wozizira, womangidwa m'malata, anaponya mpira woposa yonse imene anaponya ali moyo. Ndiye mundiuze kuti unali mankhwala? Unali mkono!

Komabe bokosi silinagone. Linangoima pakachulu paja, matalala akulimenya. Apolisi anabwera, analikankha, anabweretsa galimoto yokoka, chingwe chinaduka. Anabweretsa chimakina chonyamulira zitsulo za sitima zapamadzi, chinagwada ngati ngamila. Mzungu wa chipewa uja anandinong'oneza kuti ndege siidikira, ndipo ikapita, apita naye kumene amaotcha mitembo, chifukwa sangamusungenso. Ndinaganiza za mayi ake ku Neno, manda atakumbidwa kale, mvula ikulowamo, iwo atakhala pamphasa kudikira mwana amene anachoka ndi miyendo yake, kenako alandire phulusa m'kachitini ngati mchere.

Ndinapita n'kuima naye maso ndi maso. Ndinati, "Iwe Binwelo, chitsiru iwe, uli moyo sunkalankhula, lero wafa ndiye ukuvuta. Mayi ako akudikira. Ukufuna chiyani, mowa?" Silinasunthe. Ndinati, "Ukufuna a Tcheya apepese?" Anyamata anawabweretsa a Kamwendo, diso limodzi litatupa ndi nsapato ija, anagwada m'matope n'kuyamba kung'ung'udza za kusamvetsetsana. Bokosi linatembenuka pang'onopang'ono n'kuwapatsa msana. Pamenepo ndinakumbukira mmene ankaimira pawindo la holo, atamuletsa kulowa, akuyang'ana zithunzi za anzake. Ndinati, "Ndi khoma?"

Linagona pansi mofatsa ngati mwana. Ndinaika dzanja langa lothyokalo pabowo la mpira paja, mphepo yozizira ikutuluka, ndipo ndinalumbira pamaso pa mpingo wonse, pamaso pa apolisi, kuti msomali wotsalawo ndi wake. Nditalinyamula linali lopepuka ngati buledi. Ndinalipanira m'khwapa n'kuthamanga nalo wapansi mpaka kubwalo la ndege, ndege ndinaipeza itayamba kale kuthamanga, ndinaigwira kumchira ndi dzanja labwinoli mpaka matayala analira, woyendetsa anasuzumira pawindo, ataona kuti ndine anatsegula yekha.

Anakamuika kwawo bwinobwino. Koma sabata yatha, tsiku limene komiti inalengeza kuti dzina la a Kamwendo nalonso lili pa mavoti, mlongo wake anandiimbira foni. Akuti mtumbira wang'aluka. Anaukwirira, m'mawa mwake unang'alukanso, mbali yomweyo, yoyang'ana kumpoto. Mayi ake asiya kudya. Akufunsa kuti kodi anthu a ku Glasgow munamulonjeza chiyani mwana wanga chimene simunamupatse.

Ndiye Loweruka kavoteni mmene mukufunira. Ine sindikuopsezani, ndine munthu wosangalala, mumandidziwa. Pachikani a Tcheya ndi taye yawo ngati mayunifolomu akukomerani. Koma lumbiro lija munalimva nonse, ndipo palibe anatsutsa pamene bokosi linali chilili. Binwelo njira ya ndege akuidziwa tsopano, ndipo makomo anu onse akuwadziwa, ndi makomo ena aja amene akazi anu sawadziwa. Akabwera musadzandiimbire. Phewa langa linatha, chala changa chinatha, udzukulu ndautula. Mudzanyamula nokha, ndipo a Kamwendo mudzakhale kumutu. N'kumene kumalemera.